Tsiku Lachitatu la Chipale

Lero ndi tsiku lachitatu chiyambire kugwa chipale chofewa.
Msewu wa ku Borșa wasowa,
mpanda wasowa, chitsime changotsala chipewa,
ndipo phiri limene ndakhala ndikuliona chibadwire
lalowa m'mitambo osatsazika.

Magetsi anathima Lachiwiri, wailesi ili pakati pa mawu.
Sindidziwa kuti bambo uja ankafuna kunena chiyani.
Ndayatsa kandulo wotsala pa maliro a mwamuna wanga,
ndipo akuwala bwinobwino,
ngati sakukumbuka kumene anachokera.

Zikomo chifukwa cha chingwe.
Toader anachimanga asanabwerere ku Italiya,
kuchokera pakhomo mpaka kukhola,
ine ndikumuseka: kodi amako asanduka mbuzi?
M'mawa uno mphepo inandimata m'maso,
ndinayenda ngati wakhungu, dzanja pa chingwe cha mwana wanga,
mapazi makumi atatu ndi anayi,
mpaka ndinamva fungo la ndowe.
Sindinkadziwa kuti ndowe zingathe kununkhira chonchi.

Joiana anacheuka, nthunzi ikufuka m'mphuno,
nandiyang'ana ngati ndachedwa dala.
Ndinabisa zala zanga zadzanzi pansi pa bere lake
mpaka zinayamba kupweteka,
ndipo ululuwo ndinauthokozanso:
chala chakufa sichidandaula.
Mkaka unaimba m'ndowa.
Theka la ndowa basi, koma wofunda.

M'chipinda chapansi muli matumba awiri a mbatatesi,
kabichi wowawasa mu mgolo,
ndi mabotolo a jamu wa mapulamu
amene ndinaphika mu Seputembala ndikutukwana msana.
Msana uja ndaukhululukira.
Nkhuni ndinaziwerenga usiku monga ena awerengera ndalama:
zifika Lamlungu la mawa,
ndikapanda kuchita matama.

Masana ndinamva china chake chikupala kunja.
Ndinati basi, denga lagonja.
Koma anali Gavrilă,
amene sitilankhulana chaka chachisanu chino
chifukwa cha mtengo umodzi wa pamalire,
ndevu zili mbuu, fosholo m'manja,
akukumba njira yolunjika pakhomo panga
mokwiya, ngati wina wamutuma.
Moni sanapereke.
Anangoti, "Utsi wanu unachedwa kutuluka lero."

Kani zaka zonsezi
amayang'ana chumuni changa m'mawa uliwonse?

Ndinamuthirira tiyi,
ndinamuikira buledi ndi jamu wa mtengo womwewo.
Anadya supuni zitatu osafunsa kanthu,
chipale chikusungunuka pa nsapato zake,
kupanga kadziwe pamkeka wanga wabwino.
Sindinanene chilichonse. Inenso ndikudabwa.
Mtengowo panopa sukuoneka n'komwe,
malire onse agona m'bulangete limodzi.

Foni yatsala ndi kamzere kamodzi.
Ndaizimitsa, ndaiika pachifuwa ngati mwanapiye.
Mawa ndidzamuuza Toader mawu anayi okha:
ndili moyo, chingwe chagwira.

Ambuye, sindine wa mapemphero ataliatali,
mumandidziwa, ndimasinza pakati pa Atate Wathu.
Ndipo sindikunama kuti zonse zili bwino:
bondo likutukusira, bedi ndi lalikulu mopitirira,
mwana ali kutali kumene chipale amangochiona pa kanema.
Koma usiku uno, mphepo ikulira pazenera
ngati galu wotsekeredwa kunja,
ndavala masokosi awiriawiri phazi lililonse,
mphaka wandilemera pamiyendo,
mbaula ikuthetheka,
m'bokosi muli machesi asanu ndi awiri,
ndipo kuseri kwa mpanda wokwiririka
kuli mdani wodziwa nthawi ya utsi wanga.

Zotsalazo tidzakambirana chipale chikadzasungunuka.
Za mtengo uja, mwina.
Kandulo ndikumuzimitsa tsopano,
mawa afunikanso.